Webusayiti Yaulere Inandidyera Dzina

Anzanga, lero ndikuuzeni za mwamuna amene anandilanda dzina la shopu yanga dzuwa likuswa mtengo.

Ine ndimasoka madilesi a ukwati. Kashopu kanga n'kakang'ono: makina awiri, galasi lalitali ndi chidole chovala velo pawindo. Tsiku lina kunalowa mnyamata atabereka chikwama cha laputopu, jekete yoduka zipi ili m'manja.

"Achemwali, mumasokera akwati okha? Nanga ife osakwatira tilowere kuti?"

Ndinaseka mpaka kudzibaya ndi singano.

Mawa lake anabwera ndi buluku loti ndilichepetse. Mkuja wake, malaya osang'ambika n'komwe. Mwezi usanathe anali akundinyamulira nsalu n'kumanditchula kuti babe... ine mtima dyokodyoko.

Nthawi imeneyo ndinkafunitsitsa webusayiti. Mayi wina wodziwa ntchitoyo anali atandiuza mtengo wake mosabisa. Dzina la pa intaneti, lomwe amati domain, umalipira chaka ndi chaka. Malo osungira webusayitiyo, hosting, chimodzimodzi. Wojambula zithunzi umulipire, mayiyonso umulipire za ntchito yake, ndipo ikavuta ulipirenso wokonza. Zonse pamodzi zinkakwana lendi ya miyezi itatu.

Nditamufotokozera wa laputopu uja, anagwira pakamwa.

"Eee, akufuna akubere ameneyo! Babe, ntchito yanga ndi yomweyi. Ndikupangira for free."

Anapangadi, ndipo inali yokongola zedi. Akwati anayamba kuimba foni kuchokera kutali. Adiresi ya webusayitiyo ndinailembetsa pa chikwangwani, pa makhadi, ngakhale pa zikwama zoperekera madilesi.

Achemwali anga aakulu okha ndi amene sanavine nawo.

"Iwe, domain imeneyo walembetsa m'dzina la ndani?"

"Kaya. Amadziwa ndi iyeyo."

"Nanga password uli nayo?"

"Achemwali, inunso! Munthu wandithandiza ulere, ndiyambenso kumufunsa ngati wapolisi?"

"Chikomekome cha mkuyu, mwana wa amayi."

Ine ndinangoti ndi nsanje.

Chaka chachiwiri munthu uja anasintha. Foni ankaiika chafufumimba, akabwera maso ali pakhomo. Kenako ndinawaona ndi maso angawa atagwirana manja ndi mtsikana wina wobwereketsa madilesi a ukwati. Sindinachite phokoso. Ndinamuikira zovala zake m'jumbo, ndinalira, n'kubwerera pa makina.

Ndinkaganiza kuti zathera pomwepo. Ayi ndithu!

Nyengo ya maukwati inafika, foni yanga ili zii. Sabata, masabata awiri... lendi ikuyandikira. Kenako m'mawa wina kunalowa mayi wa mkwatibwi wina, nkhope ili gwaa.

"Ndinalipira theka kudzera pa webusayiti yanu. Ukwati ndi Loweruka. Dilesi la mwana wanga lili kuti?"

"Mayi, ine sindinalandire kanthu."

"Musandiyese chitsiru!"

Anandilozetsa foni kumaso. Dzina la shopu, langa. Zithunzi, za madilesi anga, mikanda yake ndinalumikiza ndekha ndi zala zangazi. Koma nambala ya foni... ya mtsikana uja.



Ndinathamangira ku ofesi kwa wa laputopu uja ndili ndi tepi yoyezera m'khosi. Ndinamupeza akuzungulira pa mpando wake wamatayala.

"Ndipatse password."

"Ya chiyani?"

"Ya webusayiti yanga!"

"Yako? Domain ndinagula ndine, pa imelo yanga, ndi khadi langa. Hosting ndakhala ndikulipira ndine. Iweyo unaperekapo chiyani?"

"Unati ndi yaulere..."

"Inali yaulere tili limodzi."

"Koma dzinalo ndi langa! Ndalivutikira zaka!"

"Pa chikwangwani ndi lako. Pa intaneti ndi langa. Ukalifuna, gula."

Mtengo umene anatchula, ngakhale nditagulitsa makina onse awiri sukanakwana. Ndinafuna kumugenda ndi laputopu yakeyo, koma ndinangotuluka.

Mayi uja ndinawasokera dilesi lina ndi nsalu yanga, kuopa kuti mwana wawo angachite manyazi pa tsiku lake. Nkhani ya dzinayo akuti ndingathe kukasuma, koma loya naye sadya "zikomo". Achemwali sanandinene, anangobwera ndi penti n'kundithandiza kufufuta adiresi ija pa chikwangwani.

Anzanga, kondanani mmene mungathere, koma chilichonse cha bizinesi yanu chilembedwe m'dzina lanu, ndipo mulipire nokha ngakhale ziwawe.

Dzulo kunabwera kamtsikana kofuna dilesi. Kanatsegula webusayiti ija pa foni n'kundionetsa dilesi langa loyamba, lija ndinasoka ndi makina obwereka.

"Anti, mungathe kukopera ili? Eni ake akudulitsa kwambiri."

Ndinatenga tepi.

"Kwezani manja ndikuyezeni," ndinatero.