Galimoto ya Mipando Iwiri

Ndinagula galimoto ya mipando iwiri ndili ndi banja la anthu atatu, wachinayi ali m'mimba. Inu owerenga, mawu amenewa ndawalemba mwachidule, koma zinanditengera nthawi yaitali kuti ndithe kuwanena popanda kuwonjezera zodziteteza. Mkazi wanga Selina anamwalira chifukwa cha galimoto imeneyo. Ndikufotokozerani mmene zinayendera, chifukwa mwina wina mwa inu akuzungulira kumalo ogulitsira magalimoto sabata yomwe ino.

Kwathu ndi ku Angónia, ine ndi Selina yemwe. Nditamaliza maphunziro a zaumisiri ndinapeza ntchito ku migodi ya ku Moatize, nthawi imene Tete yense ankalankhula za malasha. Tinkachita lendi ku Matema, ife awiri ndi mwana wathu wamkazi Tadala, amene anali atangosiya kuyamwa. Anzanga amene tinkapanikizana nawo mu minibasi, imene kuno timaitcha chapa, anayamba kufika kuntchito pa magalimoto awoawo, mmodzimmodzi, mpaka ndinatsala ndekha pamsewu ndi chipewa changa cha kumgodi m'manja.

Ndalama zitakwana ndinamutenga Selina kukaona magalimoto. Awiri ndi amene anali a mtengo wathu. Ina inali yotuwa, yaitali, ya zitseko zokoka ndi mizere itatu ya mipando. Inayo inali karinya yofiira, yokwezeka, ya matayala aakulu ndi nyale zowonjezera pamwamba. Kutsogolo inali ndi mipando iwiri yokha, giya pakati, kumbuyo kwake kopanda denga.

Selina analowa mu yotuwa ija, nakhala pamzere uliwonse, Tadala akukwawira kumbuyo. Ine ndinali nditakhala kale mu yofiira. Mnzanga wina wa kuntchito amene anatiperekeza anaseka n'kunena kuti, “Enjinyeiro, mukagula yotuwayo mulembenso kobradoro woti aziitanira anthu. Ife tizikwera pa mtengo wa chibale.” Ndinaseka naye, koma mawuwo anandilowa.

Sindinamuuze Selina kuti ndikuopa kusekedwa. Ndinamupatsa zifukwa za munthu wophunzira. Ndinati misewu ya kwathu ndi yoipa, ikufuna galimoto yokwezeka. Ndinati tizitenga mbatatesi ndi chimanga kumudzi, tizigulitsako mu mzinda, komanso Loweruka tizipita kukapumula m'mphepete mwa Zambezi. Zonsezo zinali zoona. Iye anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anandifunsa funso limodzi: “Bambo a Tadala, nanga uyu akabadwa tizimuika pati?” Ndinayankha kuti ana amakhala pamiyendo, ndipo akamakula tidzakhala titagula ina. Anangoti, “Chabwino, ndalama ndi zanu.” Mawu amenewo sanali ovomereza, ndipo ndinadziwa.

Sindinama, galimotoyo ndinasangalala nayo. Ndinkaitsuka tsiku ndi tsiku ngakhale fumbi la malasha linkaikuta dzuwa lisanalowe. Ndinaikamo wailesi ya mphamvu. Kuntchito anayamba kunditchula patrão, ndiye kuti bwana. Selina ankakhala pambali panga, Tadala pamiyendo pake, lamba wa mpando atamangirira onse awiri pamodzi, ndipo mimba itakula anasiya kumanga lambayo.

Mimba ili pafupi miyezi isanu ndi iwiri tinapita kumudzi kukaona makolo. Pobwerera, apongozi anga, mayi ake a Selina, anaganiza zoti atsagane nafe kuti akamuthandize mwana wawo mpaka atachira. Inu a kwathu mukudziwa mwambo. Mkamwini ndi apongozi ake sakhalirana pafupi, sayang'anana kumaso. Chikwatirire, amayiwo anali asanandilankhulepo mwachindunji. Akafuna kundiuza kanthu ankayang'ana kumbali n'kunena kuti, “Uwauze bambo a Tadala kuti madzi osamba afunda,” ine ndili pomwepo.

Choncho titamanga matumba a mbatatesi kumbuyo, iwo sanafunse munthu. Anaponda tayala, nakwera, nakhala pakati pa matumba. Selina anakana. Anati mayi ake ali ndi chifuwa, sangapirire mphepo ndi fumbi ulendo wonse, ndipo anthu a mu mzinda adzati chiyani akaona gogo pamatumba, mwana wake ali pa mpando wofewa. Amayiwo anati sangakhale pambali pa mkamwini wawo. Anakanganirana malo oipawo kwa kanthawi, aliyense pofuna kulemekeza mnzake. Pomaliza Selina anati, “Amayi, tsikani. Lero mwambo upume. Mutenge Tadala, ine ndili ndi nsalu ziwiri.”

Ine ndinaima pamenepo makiyi ali m'manja. Ndikanatha kutsitsa matumba n'kunena kuti amayi abwera mawa pa chapa. Ndikanatha kunena kuti mayi woyembekezera sakwera kumbuyo, zivute zitani. Ndinkadziwa kuti akandimvera. Koma kunena zimenezo kunali kuvomereza pamaso pa mudzi wonse kuti galimoto imene anthu anabwera kudzaisirira sikwana banja langa. Ndinangomuthandiza Selina kukwera, ndinamuyalira katoni, ndinamuuza kuti agwire chitsulo.

Apongozi anakhala m'mphepete mwenimweni mwa mpando, nkhope kuwindo, duku atalitsitsa, mdzukulu wawo pamiyendo. Chete wa m'galimotomo anandilemera, ndiye ndinakweza wailesi. Ndinawonjezeranso liwiro kuti tonse timasuke msanga. Poyamba ndinkayang'ana pagalasi pafupipafupi. Selina ankandikwezera dzanja kusonyeza kuti ali bwino.

Tikuyandikira Moatize dzuwa litapendeka, tinapeza mzere wa magalimoto aakulu. Ndinapitirira imodzi, ndinapitirira ina. Pa yachitatu kutsogolo kunatulukira ina, ndinakhotera kumanzere mofulumira, ndipo tayala linagwera m'dzenje la m'mphepete mwa phula. Galimoto inadumpha n'kukhazikikanso bwinobwino. Ndikukumbukira kuti mumtima ndinaitama. Ndinapitiriza ulendo, nyimbo ikulira.

Pamenepo apongozi anga anatembenuka, nandiyang'ana m'maso koyamba m'moyo wawo, nandigwira dzanja.

“Imani. Mwana wanga wagwa.”

Zotsatira zake sindizilemba zonse. Tinamunyamula mothandizidwa ndi dalaivala wa imodzi mwa magalimoto aja, ndipo poti kutsogolo kunalibe malo omugonekapo, tinamugoneka kumbuyo komweko, mutu wake pamiyendo ya mayi ake. Anamwalira tisanafike kuchipatala, ndi mwana wa m'mimba yemwe. Galimotoyo sinakalike ngakhale pang'ono.

Pamaliro anthu anati ndi chifuniro cha Mulungu. Ena anati ndi misewu yathu, ena anati ndi madalaivala a malasha. Mnzanga wa nthabwala ya kobradoro uja ananyamula nawo bokosi, analira, ndipo sindikhulupirira kuti amakumbukira zimene ananena tsiku lija. Sindimuimba mlandu. Iye anangoseka, wosankha ndinali ine. Apongozi anga sanandinene ndi mawu amodzi omwe. Anabwerera ku mwambo wawo. Pokambirana za mwana anayang'ana kumbali n'kuuza mchimwene wawo kuti, “Muwauze bambo a Tadala kuti mwanayu adzakulira kumudzi kuno.” Sindinatsutse.

Karinya ija ndinaigulitsa mwezi womwewo. Sindinavutike kupeza wogula. Anali mnyamata wongoyamba kumene kumgodi, mkazi wake ali ndi khanda kumbuyo. Ndinamufotokozera zonse monga ndakufotokozerani inu, ndinamuuza kuti akafune ina. Anandipepesa mwaulemu, anati ngozi imagwa paliponse, kenako anandifunsa ngati wailesi ija ndikuisiya momwemo. Ndinaisiya. Masiku ena ndimaiona ikudutsa mu Matema itatsukidwa bwino, ndipo ndimayang'ana pansi kuti ndisaone amene ali kumbuyo.

Tsopano ndimapita ku Angónia pa chapa kukamuona Tadala. Amandifunsa za galimoto yofiira, chifukwa ndi imene amaikumbukira bwino. Nkhope ya mayi ake akuyamba kuiiwala.

Inu owerenga, sindikuti musagule galimoto yokongola. Mwakhetsa thukuta, ndipo kufuna kusangalala si tchimo. Koma mukapita kukagula, musatenge mnzanu wa kuntchito. Tengani mkazi wanu, ana anu, ndipo muwerengere ndi amene sanabadwe, ndi apongozi amene sangakhale pambali panu. Tsegulani zitseko zonse, aliyense akhale pampando wake, amange lamba wake. Mkazi wanu akafunsa funso, muliyankhe loona, osati ndi sukulu yanu. Akatsala munthu mmodzi ataima panja, musanene kuti tidzaona tsiku lake. Tsikulo likafika simudzasankha ndinu. Adzadzipereka yekha amene ali ndi mtima wabwino kuposa nonse, ndipo inu mudzamuthandiza kukwera kumbuyo ndi manja anu, monga ndinachitira ine.