Mayi Quigg ndi Geti la pa Khoma

Mayi Dervla Quigg ankaphunzitsa mbiri yakale pa sekondale ya Akatolika ku Belfast, ndipo makani awo ankadziwika tauni yonse. Sukulu itawamana mabuku, anapeza maphunziro aulere a pa intaneti a kumanga mtendere, nawaphunzira okha mpaka kumapeto. Kenako Lachitatu lililonse ankasonkhanitsa ana a kalasi yawo pamodzi ndi a sukulu ya Apolotesitanti ya kuseri kwa khoma logawa mzindawo.

Koma anawo, abale! Ovala majekete obiriwira uku, ovala ofiira uko, pakati mpata woti basi n'kudutsa. Bambo Mawhinney, mkulu wa sukulu inayo, sanapsatire mawu: "Mayi, mwezi ukatha zili chomwechi, ana anga sabweranso."

Sabata yotsatira Mayi Quigg anazula nthambo za makompyuta khumi mwa makumi awiri.

"Awa afa," anatero, nkhope ili gwa. "Khalani awiriawiri, wobiriwira ndi wofiira."

Anakhaladi, koma ngati akhalira minga. Phunziro la tsikulo linkati aliyense auze mnzake malo amene amaopa kupondako. Apo Heather, mtsikana wa jekete lofiira wosaopa munthu, anakweza dzanja.

"Madamu, ife timadutsa pa geti la khomalo sabata iliyonse kubwera kwanu kuno. Nanga inuyo kwathu munafikako?"

Nyumba ya Mayi Quigg inayang'anana ndi khomalo, koma chiwomberedwere mchimwene wawo kutsidyako, iwo ali kamtsikana, phazi lawo silinapondekonso. Anachita manyazi.

"Ayi, mwanawe. Ndimaopa."

"Ndiye mtendere wanuwu ndi wa pakompyuta basi?" anatero Heather. "Sabata yamawa kalasi ikachitikire kwathu. Apo ayi, ife tasiya tokha, osadikira a Mawhinney."

Lachitatu masana Mayi Quigg anaima pa geti, ana awo khumi ali pambuyo.

"Madamu, tingobwerera," ananong'oneza Orlaith, mmodzi wa anawo.

"Ubwerere kuti iwe? Manga mabatani a jeketelo, tiye!"

Anadutsa, maso ali patsogolo, chikwama atachikumbatira pachifuwa. Kutsidyako anapeza Heather akuwadikira, manja ali m'chiuno.

"Mwachedwatu, Madamu."

"Ndi zaka makumi anayi, mwanawe," anayankha Mayi Quigg, misozi ili mbwembwembwe. "Tsogola, njira sindikuidziwa."