Mphere za Alekeni

Fungo la oyilo wakuda wa kuchigayo silinandichokebe m'mphuno. Ndikalimva ndimabwerera kwathu ku Dzoole, chilimwe chimene galu wathu Alekeni anadwala mphere. Ndinali kamtsikana ka sitandade 3, ndipo galuyo ndi amene ankandiperekeza kudambo kukathirira nazale ya fodya ya bambo. Anali wofiirira, wa mchira wopindika, wakuba mazira wopanda ndi manyazi omwe. Komabe ndinkamukonda kwambiri.

Zinayamba ndi kukanda. Ankadzikanda pakhonde mpaka chitseko kugwedera, mayi n'kumukalipira kuti wadzutsa mwana. Kenako ubweya unayamba kusosoka m'mphepete mwa makutu, m'zigongono ndi pamimba. Khungu linachita makwinya, lotuwa ngati phulusa, nkhanambo zili mbwee, ndipo akadutsa ankasiya kafungo ka chikopa chonyowa. Ine ndinkalimbikira kuti ndi utitiri chabe. Koma timatuza toyabwa titandituluka m'mikono momwe ndinkamunyamulira, mayi anandiletsa kumukhudza. Kuchitsime azimayi ankamugenda, iye n'kukaima patali akundiyang'ana, osamvetsa chomwe walakwa.

Bambo anayamba ndi zomwe aliyense ankachita. Anakapempha oyilo kuchigayo n'kumupaka thupi lonse. Alekeni ananyambita, nasanza, mphere zili pompo. Ndiye tsiku losambitsa ng'ombe tinamukoka pachingwe mpaka kudibi, kuseri kwa phiri. Alangizi a ziweto, bambo wina wamfupi wosakonda kuseka, anatunga madzi a m'dibimo n'kumukhula ndi chisanza.

"Musalekeze panjira," anatero. "Tizilombo take tili m'kati mwa khungu. Muzibwera naye sabata iliyonse, ndipo chiguduli chomwe amagonapo mukachitenthe."

Tinapitako kangapo. Kukanda kunachepa, tiubweya tatsopano tinayamba kumera m'makutu, ine chimwemwe chodzaza tsaya. Kenako mvula inagwa. Kwa olima fodya, mvula yoyamba ikagwa palibe wopita kwina, aliyense amakhala m'munda kuwokera mbande nthaka isanaume. Masiku ena mayi ankaitanidwa kukayeserera gule wa chipani, ndipo kumeneko kunalibe kukana, choncho ntchito yonse inagwera bambo. Mtsinje wa panjira ya kudibi nawo unadzaza. Tonse tinangoti galu wachira, chifukwa ndi zomwe tinkafuna kuti zikhale.

Mphere zinabwerera mwaukali. Alekeni anaonda nthiti kuonekera, zilonda zikutuluka madzi, ntchentche zili ng'aa. Ine ndinkalira, osadya, n'kumavutitsa bambo kuti achitepo kanthu. Masana ena bambo atabwera kuchokera kumunda, matope ali m'maondo, anatsitsa botolo lomwe ankalibisa kudenga. Munali mankhwala opopera nazale. Anatsegula n'kununkhiza.

"Fungo lake n'limodzimodzi ndi la kudibi," anatero. "Iwe Eliza, thamangira ndowa."

Anathira osayeza, poganiza kuti akachulukitsa ndiye galu achira msanga. Anamusambitsa pang'onopang'ono, akumunyengerera ndi mluzu. Dzuwa lisanalowe Alekeni anayamba kunjenjemera, dovu lili chuu, miyendo ikukana kuima. Anakwawira pansi pa nkhokwe, ndipo anafera pomwepo ine ndikumuitana.

Kwathu galu akafa ankangomukokera kutchire. Bambo anatenga khasu n'kukumba dzenje lakuya kuseri kwa chigafa cha fodya, anzawo odutsa akuwaseka kuti akuika maliro a galu. Ine sindinaone zonsezo ngati kanthu. Ndinaima patali n'kukuwa kuti, "Mwamupha dala! Munatopa naye!" Sanandimenye. Anapitiriza kukwirira, ndipo dzinja lonselo ndinkawapatsa madzi osamba osawayang'ana kumaso.

Ine mwana wa nthawi imeneyo ndinkangodziwa kuti bambo anathira mankhwala, galu n'kufa. Lero ndili ndi ana anga, ndipo ndikudziwa zina. Botololo linali lokhalo pakhomo, lomwe ankalisungira nazale ya chaka chotsatira, chinthu chomwe sakanapatsa ngakhale m'bale wawo. Analitsanulira galu amene mudzi wonse unkanyansidwa naye, n'kumukhula ndi manja awo osavala kanthu, chifukwa choti mwana wawo sankadya. Sanawetenso galu mpaka imfa yawo. Zimandipweteka kuti ndinazindikira izi atapita kale. Anandikuza, anandiphunzitsa sukulu, koma mawu omaliza omwe anamva kwa ine pa nkhani ya Alekeni anali akuti anamupha dala.