Kaodzera wa Amuna Anga ndi Benchi la Panja

Chizindikiro choyamba chinali chotupa kumsana kwa amuna anga, pansi pa phewa, pamalo poti mwini wake sangaone. Ndinachiona ndine powatsuka kumsana atabwera kolondera m'tchire, kumayambiriro kwa Okutobala. Chinali chofiira ndi cholimba, chachikulu ngati chivindikiro cha botolo. Nditawauza anangoseka. Amuna anga, a Sakala, ndi sikauti woteteza nyama, ndipo nthawi imeneyo tinkakhala pakampu ina kudera la Malama, m'mphepete mwa paki. Kumeneko kulumidwa ndi kashembe si nkhani. Ukadandaula za ntchentche imeneyi anzako amakufunsa ngati m'chigwa muno wafika dzulo.

Posakhalitsa thupi linatentha, mutu unayamba kuwawa. Tinati ndi malungo, poti kwathu kutentha thupi kulikonse ndi malungo. Kukiliniki anawabaya chala, malungo osapezeka, koma anawapatsabe mapiritsi. Kutentha kunatsika, kenako kunabwerera ndi mphamvu. Tinapitanso, zinakhala zomwezo.

Kwathu kuno mwamuna akalowa kwa anesi, mkazi amatsala pabenchi la panja atanyamula chikwama. Kulowa naye n'kumamuyankhira ndi kumuyesa mwana. Komanso sikauti sauza munthu kuti akugona masana, chifukwa zikamveka kwa akuluakulu a ntchito amamuchotsa pagulu lolondera. Tsono ine ndili pabenchipo ndinkamva mawu awo kudzera pazenera akuti, “Ndili bwinoko, a Sisita, mutu chabe.” Mtima unkandiwira.

Chonsecho kunyumba zinthu zinali zitafika poipa. Mwezi wa Novembala amuna anga ankagona kapu ya tiyi ili m'manja, nkhani ili pakati. Usiku tulo osabwera. Anaonda, khosi linatuluka mwanabere, ndipo munthu wofatsa uja anayamba kukalipa popanda chifukwa. Tsiku lina anayang'ana mwana wathu Tisa nthawi yaitali n'kundifunsa kuti ndi mwana wa yani. Ndinapita kuseri kwa nyumba kukalira. Ndinkaona munthu akutha, ndipo ndinalibe womuuza. Alamu anga anati ndi zochita kulodzedwa ndi anthu opha nyama amene amuna anga anawagwira chaka chathacho. Anzawo a pakampu ankalondera m'malo mwawo mobisa, akumati n'kutentha kwa dzuwa, kutha mvula ikagwa.

Ulendo wachitatu, ndili pabenchi lomwe lija, panabwera a Sisita Tembo. Iwowa anali nesi wakale ndithu, koma ankaphunzira digiri yachiwiri ya unamwino kuyunivesite, ndipo anabwera m'chigwa kudzachita kafukufuku wawo. Sankafunsa odwala ayi, ankafunsa ife osamalira odwala zimene timaona kunyumba tisanabwere kuchipatala. Amayi tinkawatchula kuti nesi wa mafunso. Ineyo ndinali m'gulu la owanyoza. Ndinkati nesi wathunthu angasiye bwanji jakisoni n'kumacheza ndi anthu abwinobwino mzere uli chikhalire?

Anakhala pambali panga n'kundipatsa moni. “Mwaswera bwanji, amayi? Zimene mundiuze sizifika kwa abwana a amuna anu. Mukafuna kukana, kanani, palibe mlandu.”

Ndinayang'ana pazenera paja. Ndinadziwa kuti ndikayankhula ndiwavula amuna anga ulemu, mwinanso ntchito. Koma ndinayankhula. Ndinanena za tulo, za dzina la Tisa, ndi za chotupa chija chimene chinali chitasiya chipsera. A Sisita anasiya kulemba. Anandifunsa kuti, “Kodi mungandilole ndikanene izi kwa anesi amene akuwaona, kuti tione kumsanako?” Ndinavomera ndi mutu.

Amuna anga anavula malaya akundiyang'ana kudzera pazenera ndi diso loti tikaonana kunyumba. Koma kunyumba sitinabwerere. Tsiku lomwelo anatikweza galimoto kupita kuchipatala chachikulu. Kumeneko anatenga magazi n'kuwaika pamakina oonera tizilombo, mawa lake anatenganso madzi a pamsana. Adokotala anati ndi kaodzera, matenda obwera ndi kashembe, ndipo tizilombo tinali titafika kale ku ubongo.

Apa ndi pamene ndinaphunzira kudikira. Mankhwala ake kuchipatalako kunalibe, anachita kuwaitanitsa kutali, ndipo mvula inali itayamba kuononga misewu. M'mawa uliwonse anesi ankayeza kutentha kwa thupi, adokotala ankadutsa cha m'ma teni, ine n'kufunsa, iwo n'kuyankha kuti sanafike. Ndinkawasambitsa, kuwatembenuza, kuwamwetsa phala ndi supuni, theka lake likutayikira pachitenje changa. Masana ndinkachapa ndi kuyanika pa waya pamodzi ndi amayi anzanga osamalira odwala. Galimoto iliyonse ikalowa pachipata ndinkaimirira. Panalibe china chimene manja anga akanachita, ndipo zimenezi zinkandipweteka kuposa njala.

Mankhwala atafika, adokotala sanandibisire. Anati, “Amayi, mankhwalawa ndi amphamvu kwambiri, ena amawavuta. Koma tikapanda kuwapatsa, sachira.” Anali a jakisoni wa mumtsempha, ndipo ankaotcha mkono moti amuna anga ankabuula ali m'tulo. Pakati pake thupi linatenthanso, anayamba kunjenjemera, anesi anathamanga uku ndi uku. Ine anandiimika pakhomo la wodi. Ndinangogwira khoma n'kumapemphera.

A Sisita Tembo anabwera kudzationa kamodzi asanabwerere kusukulu. Anandiuza kuti nkhani ngati yangayi anaimva kwa amayi enanso a m'makampu, koma amuna a ena mwa iwo anali atamwalira kale. Anati adzazilemba kuti anesi ophunzira azidziwa kuti pabenchi la panja palinso zizindikiro za matenda.

Kusintha kunayamba pang'onopang'ono Khirisimasi itadutsa. Anayamba kumaliza phala ali maso. M'mawa wina anafunsa ngati Tisa ali ndi nsapato za kusukulu. Ndinalira pamaso pa wodi yonse, opanda manyazi.

Tinatuluka mu Januwale, koma tinkabwererabe kukayezetsa kwa nthawi yaitali. Lero amuna anga ali moyo ndipo akudya bwino. Mphamvu zakale sizinabwerere zonse, mkono wina umachita dzanzi, ndipo kolondera m'tchire anasiya. Anawaika pachipata cha paki, kumene amatsegulira magalimoto a alendo. Zinawawawa, ndipo kwa kanthawi sankandiyankhula bwino. Ine sindinapepese. A Sisita Tembo anamaliza maphunziro awo, pano akuphunzitsa anesi kuyunivesite komweko, ndipo ophunzira awo akabwera kukiliniki kwathu amayamba akhala kaye pabenchi lija.

Kwa anzanga a m'chigwa ndikuti, kutentha thupi kukamabwerera malungo osapezeka, musadikire mvula. Pitani msanga, nenani za kashembe, onetsani chotupa, ndipo amene amakuonani mukugona alowe nanu. Mwezi wathawu tinapita kukiliniki chifukwa cha chifuwa cha amuna anga. Ndinakhala pabenchi mwa chizolowezi, chikwama pamiyendo. Ndinamva nesi akufunsa kuti, “Mukumva bwanji, bambo?” Kenako chitseko chinatseguka.

“Amake Tisa,” anatero amuna anga, “lowani muwauze.”