Makiyi a Chigayo cha ku Oerlebeek

A Driek Swinkels, amene tawaika m'manda sabata yatha, anabadwira kuno ku Oerlebeek mu 1903, patsinde pa chigayo champhepo. Kupemphera kolona ndi kusema mphero anaziphunzira chaka chimodzi, ndipo zonse ankazichita mosathamanga. Chigayocho mwini wake anali a Adriaans, wapampando wa parishi, amene ankatsokomola kaye pakhomo la tchalitchi kuti Mulungu adziwe kuti afika.

Masiku amenewo munthu akamwalira, mapiko a chigayo ankaimitsidwa mopendekeka masiku atatu. Mu 1951 Sjef Kuypers, chidakwa cha m'mudzi muno, anadziponya m'ngalande. Belu silinalire, ndipo anamuika kunja kwa mpanda wa manda. Kunali mphepo yabwino, matumba a tirigu ali mbwee, koma a Driek anapendeketsa mapiko.

A Adriaans anafika ali wefuwefu.

"Driek, mapikowa akulira ndani?"

"Sjef, bwana."

"Bambo mfumu amukana ameneyo. Wasanduka bishopu iwe?"

"Ayi bwana. Koma mayi ake amachiona chigayochi ali pakhomo pawo."

"Masula. Apo ayi, makiyi anga."

A Driek anabweza makiyiwo masiku atatu atakwana.

Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri a Driek ankanyamula matumba ku chigayo chamagetsi. Misa sanaphonyepo, ndipo ankagwada kumbuyo kwenikweni kwa a Adriaans. Akazi awo, a Nel, akayamba kudandaula, a Driek ankangoti, "Nel, mphepo si ya Adriaans."

Itafika nthawi yokonzanso chigayo chakalecho, kunabwera akatswiri anayi ovala mataye, koma wodziwa kusema mphero panalibe. Mwana wa a Adriaans anabweretsa yekha makiyi kwa a Driek, nalankhula nthawi yaitali za chikondi cha banja lawo pa amisiri. A Driek anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anafunsa ngati alipo mafuta a nkhumba opaka mtanda wa mapiko.

Anagayanso zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, naphunzitsa ntchitoyi anthu asanu, mmodzi wa iwo dokotala wa mano.

Lachiwiri masana, atadzozedwa mafuta a odwala, a Driek anatchera khutu kuchigayo kanthawi.

"Adokotala akuthamangitsa mphero, ufa upsa. Nel, ukawauze, koma mofatsa. Ndi anthu ophunzira."

A Nel anapita. Pobwera anapeza amuna awo atapuma, nkhope ili phee. Buledi amene tinadya pamaliro anali wa ufa wa tsikulo, ndipo sunapse.