Tsiku Limene Yunifolomu Yanga Inakwera Phiri

Chikwama cha bambo chinali chakuda, zipi yake itafa kalekale, moti ankachimanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Ndimachikumbukira bwino chifukwa tsiku lonse chinali patsogolo pa mphuno yanga, chikugundagunda pamsana pawo ife tikukwera mapiri a Chongoni.

Inali nyengo yozizira, chaka chimene mayi anamwalira. Chimanga chinali chitalowa m'nkhokwe, ndipo akuluakulu anali atapangana kuti Loweruka adzawasudzula bambo. Kwathu mwamuna ndi mkamwini. Amamanga nyumba kwawo kwa mkazi, mkaziyo akamwalira amamumasula kuti abwerere kwawo, koma ana amatsala m'manja mwa malume awo. Mwana wawo ndinali ine ndekha. Izi ndikuzilongosola lero ndili ndi imvi. Nthawi imeneyo chimene ndinkadziwa n'chakuti Loweruka kudzakhala thobwa.

Lachisanu m'mamawa bambo anati tipite kuphiri tikadule mitengo ya denga. Nkhwangwa sanatenge. Malume anatipeza tikudutsa pakhola lawo. Anayang'ana chikwama, anayang'ana ine, kenako anati, "Alamu, mwanayu dzuwa lisamulowere kutchire." Bambo anangoyankha kuti amva. Malume anandikokera pambali ngati akundikonza kolala, n'kundinong'oneza kuti ndikaona tikutsikira mbali ya ku Mayani, kwawo kwa bambo, ndikane. Chifukwa chake sanandiuze.

Phiri loyamba tinalikwera mame asanaume. Udzu unkandimenya kumaso, chisoso chinadzaza kabudula yense, zala za kumapazi zitachita dzanzi m'patapata. Bambo anali ndi miyendo yaitali ndipo sankacheuka. Pamwamba tinakhala pathanthwe kuti tidye mbatata yootcha, ndipo atamasula mphira uja ndinaona zimene zinali m'chikwama: yunifolomu yanga yopindidwa bwinobwino, nsapato zanga za kutchalitchi, ndi kolona ya mayi. Ndinafunsa ngati kuphiri kuno kuli sukulu. Bambo anamanganso chikwama, mbatata yawo osaimaliza.

Phiri lachiwiri ndiye linali phiri lenileni. Njira inathera m'miyala, tinayamba kukwawa ndi manja omwe. Nkhungu inatsika mwadzidzidzi mpaka chikwama chija chinkangooneka mbuu. Anyani ankakuwa penapake pamwamba pathu, osaoneka, timiyala tikugubuduka kutidutsa. Lamba wa patapata yanga anaduka, phazi linaterereka, ndipo ndinamva thupi langa likupita kumene kunalibe nthaka. Bambo anandigwira pamkono mwamphamvu moti zala zawo zinasiya zipsera. Sanandikalipire. Anasenda luzi n'kumanga patapata ija. Chichokere pamenepo anayamba kulankhula, munthu amene kunyumba mawu ake ankachita kuwerengeka. Anandionetsa kasupe wa pansi pa mkuyu, phanga lobisalamo mvula, mtengo wa msuku umene umayamba kupsa anzake asanapse. Chilichonse ankati ndichisunge m'mutu. Ine ndinkangofuna kukhala pansi, zoona.

Tinafika pa phiri lachitatu dzuwa litapendeka, nkhungu itayera. Kumunsi malata ankanyezimira. Pamenepo njira inagawikana: ina yotakata, yotsetsereka bwino kulowera ku Mayani, ina yopapatiza, yokweranso chitunda china n'kuzungulira kubwerera kwathu. Bambo anaima nthawi yaitali. Kenako analoza timitengo ta bulugamu n'kunena kuti iwo anabadwira apo, kuti sukulu ili pafupi, ndipo ana ake amasewera mpira weniweni, osati wa mapepala. Anandigwira dzanja, tinayamba kutsika.

Mawu a malume anali m'khutu, dzanja la bambo linali m'dzanja langa, nanga mwana amawakana bwanji bambo ake? Ndinayenda ndikukoka mapazi mpaka anazindikira. Anagwada kuti tifanane msinkhu.

"Ukufuna tipite kwathu?"

Ndinanena chimene chinafika msanga pakamwa. "Tibwerere, ababa. Mawa kuli thobwa."

Thobwa, abale inu! Mpaka lero ndikaliona m'chidebe pamsika mtima umandiwawa. Bambo anaseka popanda mawu, n'kukhala pamwala, nkhope ataiphimba ndi chipewa. Atadzuka sanayang'anenso malata aja. Anandikweza paphewa n'kutembenukira kunjira yopapatiza.

Chitunda chomaliza anachikwera atandinyamula, akupuma ngati ng'ombe ya pangolo, dzuwa likuthamangira kumadzulo. Ndinkamva thukuta lawo likunyowetsa miyendo yanga. Potsika anapunthwa kangapo koma sananditsitse. Titatulukira m'mphepete mwa nkhalango, kuwala kutatsala pang'ono, tinapeza malume ndi amuna ena awiri a m'mudzi, ndodo zili m'manja, akuyamba kukwera kutilondola. Onse anaima chilili.

Bambo ananditsitsa. Anamasula mphira, anatulutsa yunifolomu, nsapato ndi kolona, n'kuziika m'manja mwa malume. "Nayu mwana wanu, alamu. Dzuwa silinalowe." Malume anayang'ana zovala zija, kenako anayang'ana pansi.

Loweruka ndinamwa thobwa mpaka mimba inalimba. Akuluakulu analankhula pabwalo, amayi ena analira, ndipo masana bambo ananyamuka ndi chikwama chawo chakuda, n'kudutsira njira ya kumsewu. Ndinawakuwira kuti pobwera andibweretsere mpira weniweni uja. Anakweza dzanja osacheuka.

Lolemba aphunzitsi anandiimika kutsogolo chifukwa yunifolomu inali yokwinyika, ikununkha mbatata yootcha. Ndinawakwiyira bambo sabata yonse. Anandiyendetsa mapiri onse aja mpaka matuza, mtengo wa denga sitinadule ngakhale umodzi, ndipo ine ndinkauza aliyense wondifunsa kuti bambo anaiwala nkhwangwa.