Mdulo umene mkamwini anavomera

Mwana wanga wamkazi anabereka m'nyengo yokumba nshawa. Anachira bwino ku kiliniki, khanda lalimuna, ndipo tinabwerera kumudzi kwathu kufupi ndi Mkaika tili okondwa. Anali mwana wanga yekhayo wamkazi, mimba inali yoyamba. Mwamuna wake anali wa ku Sinda, anadzakhala chikamwini pakhomo pathu, nyumba yawo kuseri kwa nkhokwe yanga. Bambo a ana anga anali atamwalira kale. Mwini mbumba anali alongo anga, amene amakhala ku Vubwi n'kumagula mbewu m'malire.

Ine ndi mkamwini sitinkayang'anana kumaso, monga mwa mwambo umene tinaupeza. Tikakumana m'njira mmodzi ankapatuka, moni n'kupatsana nkhope zili kumbali. Ndikafuna kuti andikonzere denga ndinkauza mkazi wake. Anali munthu wofatsa, wolimbikira kumunda wa thonje, ndipo ankaimba kwaya kutchalitchi.

Atatuluka m'chikuta, mwana wanga sanabwerere mwakale. Akangosesa pakhomo pang'ono ankakhala pansi, wefuwefu ngati wathamanga. Kenako anayamba kutsokomola, mapazi n'kutupa mpaka nsapato zake zapulasitiki zinaleka kulowa. Kugona chagada kunamukanika, ankati akumva ngati akumira m'madzi. Ndinaitana anamkungwi, mayi wachikulire amene anamulanga pa chinamwali. Anadinikiza chala pamwendo, chala n'kusiya dzenje losabwerera. Anandikokera panja n'kundiuza kuti umenewu ndi mdulo.

Kwathu mkazi akabereka, mwamuna sayenera kupita kwa mkazi wina. Akapita n'kubwera kudzadya m'nyumba, amadula mkazi wake kapena khanda, ndipo wodulidwayo amatupa n'kumatsokomola. Mankhwala alipo, koma amati sagwira ngati wodulayo sanaulule, ndipo ndi iyeyo amene amathiramo mchere ndi dzanja lake.

Ankhoswe anamuitana mkamwini kuseri kwa khola. Ine ndinali m'khitchini, mawu ndinkawamva. Anakana. Anamuitananso tsiku lina, anakananso, n'kunena kuti Mulungu ndiye mboni yake. Ankhoswe anamuuza kuti Mulungu sadzamuthandiza kukumba manda. Masiku amenewo mwana wanga anafika polephera kumaliza mawu osapumira pakati. Mmawa wina mkamwini anapita yekha kwa anamkungwi n'kukavomera. Atamufunsa za mkaziyo, anati ndi wa pamsika ku Katete, dzina sakulidziwa.

Dzuwa lisanalowe mudzi wonse unali utamva. Kutchalitchi anamuchotsa m'kwaya n'kumukhazika kumbuyo. Ine ndinaleka kupita kumjigo nthawi imene amayi amachuluka, ndinkadikira masana dzuwa litaswa mtengo. Ndinkaona ngati aliyense akuloza nyumba yathu. Mankhwala anaphikidwa, mkamwini anathira mchere pamaso pa anamkungwi, mwana wanga anamwa. Kutupa kunakwera mpaka m'mawondo. Anthu anati ndiye kuti alipo mkazi wachiwiri amene wamubisa.

Amene anabwereka ngolo ndi mkamwini yemweyo. Tinamukhazika wodwala motsamira thumba la chimanga, ine khanda kumbuyo, mpaka kumsewu waukulu, kumene tinakwera minibasi ya ku Katete. Kuchipatala anamuika mpweya m'mphuno, anamujambula pachifuwa. Dokotala anatiuza kuti mtima wake watupa ndipo wafooka, sukupopa magazi mokwanira, n'chifukwa chake madzi akudzaza m'miyendo ndi m'chifuwa. Anati matendawa amagwira amayi ena akangobereka, ndipo palibe munthu amene wawabweretsa. Analetsa mchere, analetsa ntchito yolemetsa, anatinso asadzatengenso mimba. Atanena za mchere ndinayang'ana pansi. Sindinatchule zimene tinamumwetsa.

Ndinagona naye m'wodi masiku ambiri. Mapiritsi okodzetsa anayamba kugwira, miyendo inaphwa, mawu anabwerera. Tsiku lina masana ndikumupesa tsitsi anandigwira dzanja.

"Amayi, bambo a mwanayu sanapite kwa mkazi aliyense."

"Anavomera okha," ndinatero.

"Anavomera chifukwa anamva kuti mankhwala sagwira popanda kuvomera. Akanapita nthawi yanji? Masana ali kumunda, inu mukuwaona. Kukada ndimatsamira pachifuwa pawo mpaka kucha, apo ayi sindipuma. Mukawauze amalume."

Ndinati ndidzawauza. Koma nkhani za kuchipinda kwa mwana wako suzitchula kwa mlongo wako wamwamuna. Alongo anga anabwera kudzazonda wodwala, ndinawaperekeza mpaka pachipata. Ndinangowafunsa za mtengo wa soya ku Vubwi.

Tinabwerera kumudzi ndi mapiritsi, ndipo tinakhala naye miyezi ingapo. Ndiwo zake ndinkaphika mumphika wapadera, zopanda mchere, iye n'kumaseka kuti ndikumudyetsa udzu. Ankayamwitsa atakhala, akamaliza ine n'kubereka khanda. Tinamusokera thumba la thonje lotsamira. Popeza ine msana unkandivuta, madzi ankatunga ndi mkamwini, zigubu atamangirira panjinga. Amayi akumjigo sankamusiya. Ndinamva kuti wina anamufunsa ngati chitenje waiwala kunyumba, wina n'kuti amusiye, akulipira za ku Katete. Iye ankangodzaza zigubu zake n'kumapita. Ankachapanso matewera kuseri kwa nyumba, n'kuyanika pamene anthu odutsa sangaone. Ine ndinkaona zonsezi ndili chete, ndipo chakudya chake ndinkachipereka kudzera kwa mkazi wake monga kale.

Mwana wanga anandifunsanso kamodzi ngati ndinawauza amalume ake. Ndinati sindinapeze mpata. Sanakwiye. Anangoti mpata ndiupeze iye akadali moyo.

Mvula yoyamba itagwa, kutupa kunabwerera. Tinapitanso kuchipatala, anayesetsa, koma ulendo umenewo tinabwera ndi maliro. Khanda linali litayamba kukwawa.

Pamaliro abale a mkamwini ochokera ku Sinda anakhala paokha pansi pa mtengo wa mango, ndipo anthu ochepa okha ndi amene anapita kukawapatsa moni. Titameta, panatsala nkhani yosudzula. Mkazi akamwalira, abale ake amamasula mwamuna kuti abwerere kwawo ndipo akathe kukwatiranso. Alongo anga anandiuziratu maganizo awo. Anati munthuyo anavomera yekha kuti anadula mwana wathu, choncho asanasudzulidwe apereke ng'ombe, ndipo akachoka asadzapondenso pakhomo pano, khandalo ndi la mbumba yathu. Ndinangoti ndamva.

Tsiku la msonkhano amuna anakhala pamipando pakhonde, ife amayi pamphasa chapatali. Mkamwini anakhala pansi pafupi ndi bambo ake, mutu uli m'mawondo. Alongo anga analongosola mlandu, ankhoswe anavomereza kuti anamva ndi makutu awo. Bambo a mkamwini anati ng'ombe ali nazo ziwiri zokha zolimira, koma ngati mwana wawo anachitadi zimenezo, sangakane. Mkamwini anafunsidwa ngati ali ndi mawu. Anapempha chinthu chimodzi, kuti azimulola kudzaona mwana ngakhale ataimirira kumsewu. Alongo anga anati ayi.

Khandalo linali pamiyendo panga. Ndinalipereka kwa mayi amene anali pafupi, ndinagwada, n'kuomba m'manja kupempha kulankhula. Nkhope ndinalozetsa kunkhokwe kuti ndisaone mwamuna aliyense. Ndinanena zimene dokotala anatiuza. Kenako ndinanena zimene mwana wanga anandiuza m'wodi, mawu ake momwe anawanenera, za kutsamira pachifuwa mpaka kucha. Thupi lonse linkatentha ngati ndavula pagulu.

"Mlongo, zimenezo si zoti zituluke pakamwa panu pano," anatero alongo anga.

"Ndikudziwa. Koma mwini wake anandituma kwa inu, ine osafika."

Kumbuyo kwanga mtsikana wina anaseka, wina n'kumutsina. Kenako alongo anga anafunsa mkamwini ngati zinali zoona. Iye anayankha osadzutsa mutu.

"Ndinkafuna amwe mankhwala, malume."

Anamkungwi anadandaula kuti ndiye mankhwala akanagwira bwanji atathiridwa mchere ndi munthu wonama. Alongo anga anatembenukira kwa ine n'kufunsa kuti ndinadziwa liti. Ndinati kuchipatala, ulendo woyamba. Anafunsa chimene ndinakhalira chete miyezi yonseyi, ndinati manyazi.

"Manyazi anuwo akanadya ng'ombe ya eni ake," anatero.

Amuna anapita kuseri kwa nyumba kukakambirana. Atabwerako, alongo anga ananena kuti mlandu palibe, mkamwini asudzulidwe mwamtendere, ndipo pakhomo pano ndi pa mwana wake, azibwera nthawi imene wafuna. Sanapepese, ndipo a ku Sinda sanapemphe kuti apepesedwe. Bambo a mkamwini anangovula chipewa n'kuthokoza. Ine ndinalowa m'nyumba, sindinatulukenso mpaka alendo onse atapita.

Masiku otsatira nkhani m'mudzi inali ya ine. Ankati mayi uja anafotokoza za kuchipinda kwa mkamwini wake pamaso pa mlongo wake. Ena mpaka lero amanena kuti ndinangomuikira kumbuyo mkamwiniyo chifukwa ankandilimira, mdulo unalipo ndithu. Ndinapita kwa akulu a mpingo kukanenanso zomwezo, maso ali pansi. Anati amva, ndipo analemba kalata ku mpingo wa kwawo kwa mkamwini.

Mkamwini anakolola thonje lake n'kubwerera ku Sinda. Amabwera panjinga mwezi ukatha, atanyamula sopo kapena kankhuku. Chaka chatha anatuma ankhoswe kudzapempha kuti mwanayo akacheze kwa agogo ake aakazi a ku Sinda, amene maso awo anayamba kuchita khungu. Alongo anga anati ndigamule ndine. Ndinamusambitsa, ndinamumangira zovala m'chitenje, bambo ake anamukhazika pakaliyala pa njinga. Anakhala kumeneko mpaka anthu atamaliza kukolola, ndipo anabwera wonenepa, akuyankhula Chinsenga chimene ine sindichimva bwino.